Yunivesite ya Kum'mawa iyambire pa Msekera

Mwana wa ku Chiparamba akakhoza bwino Giredi 12 n'kufuna digiri ya yunivesite ya boma, ayenera kumanga katundu, kukwera basi pa Chipata ndi kuyenda makilomita oposa 550 mu Great East Road mpaka ku Lusaka. Akapanda kupeza malo kumeneko ulendo umapitirira ku Kabwe, ku Kitwe kapena ku Chinsali. Chigawo cha Kum'mawa chili ndi anthu oposa 2 miliyoni, chili ndi koleji ya aphunzitsi ndi sukulu ya ntchito zamanja ku Chipata, sukulu za anamwino ku Mwami ndi ku St Francis ku Katete, koma yunivesite ya boma palibe. Chiyambire 2022, pamene boma linachotsa fizi mpaka Giredi 12, ana omaliza sekondale akunka nachuluka, ndipo mfuu yakuti nafenso atimangire yathu ikukulirakulira. Mfuuyi ndi yoona ndipo ndikugwirizana nayo. Chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti timathera mphamvu pofunsa kuti idzamangidwa liti komanso m'boma liti, osafunsa kuti idzakhala yotani. Ganizo langa ndi ili: yunivesite ya Kum'mawa isayambire pa thengo lolambula chatsopano ndi nyumba zosanja. Iyambire pa malo a kafukufuku wa zaulimi a Msekera, kumadzulo kwa tauni ya Chipata, ndipo ndalama zoyamba zipite ku kafukufuku amene boma lenilenilo likulipira.

Amene amalima nshawa ku Chiparamba amadziwa kale ntchito ya Msekera, ngakhale ambiri sanapondeko. Mbewu yofiira ya MGV4, imene inatuluka kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990 n'kuyamba kulimbirana malo ndi Chalimbana wa makolo, imanyamula dzina la Msekera m'zilembo zakezo. Mbewu yomweyi ku Malawi amaitcha CG7, chifukwa inachokera m'ntchito imene bungwe la ICRISAT linkagwira pa Chitedze, pafupi ndi Lilongwe, kuyambira mu 1982 mothandiza maiko a kum'mwera kwa Africa. Mu 1995 matenda a kadukutu, amene amafala ndi nsabwe za m'mbewu, anasakaza mahekitala pafupifupi 43,000 a nshawa kuno kum'mawa kwa Zambia, ndipo alimi anataya ndalama zoyandikira madola 5 miliyoni. Amene anaona munda wogwidwa ndi kadukutu saiwala: zitsamba zimapinimbira, masamba amachita chikasu n'kukwinyana, ndipo ukazula umapeza pansi mulibe kanthu. Yankho linachokera kwa akatswiri omwewo, amene anapeza mbewu yopirira ku matendawa. Ku Zambia anaitcha Chishango, ku Malawi Nsinjiro, ndipo inafika mpaka ku Mozambique ndi ku Uganda. Apa ndiye pali kafukufuku wa pakati pa maiko m'tanthauzo lake lenileni. Akatswiri a maiko angapo anasinthana mbewu ndi nzeru, n'kuyesa m'dothi lathu lomweli, ndipo phindu linakafika mu mtondo wa mayi amene akusinja nshawa zotendera chibwabwa.

Koma nkhani ya Msekera ili ndi mbali ina imene iyenera kutiphunzitsa kwambiri. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 bungwe la ICRAF linayamba kuyesa pamalopa njira yobwezeretsa chonde pogoneka munda ndi mitengo monga jelejele, ombwe ndi gilisidiya, motsogozedwa ndi Dr Freddie Kwesiga. Munda ukagona zaka ziwiri ndi mitengoyi, chimanga chodzalidwa pambuyo pake chinkabereka moyandikira cha feteleza. Alimi zikwizikwi a m'maboma a Chipata, Katete ndi Petauke anaiyesa, ndipo zolemba za kafukufukuyu zinawerengedwa m'mayunivesite a kutali. Kenaka pulojekiti inatha, a thandizo anatembenukira kwina, boma linayamba kugawa feteleza wotsika mtengo mu 2002, ndipo alimi ambiri anaisiya njirayi. Gilisidiya akuonekabe m'minda lero makamaka chifukwa mabungwe monga COMACO anamunyamula. Funso lakuti n'chifukwa chiyani mlimi anasiya chinthu chimene chinkagwira ntchito ndi lalikulu: kodi ndi kuchepa kwa malo ogoneka, ng'ombe zosiyidwa m'chilimwe, moto wa osaka mbewa, kapena kusowa kwa mbewu ya mitengo? Mafunso otere amafuna munthu wokhazikika pamalo zaka 20, wokhala ndi ophunzira amene akubwera chaka ndi chaka kudzayeza minda yomweyo. Pulojekiti ya zaka zitatu kapena zisanu siingathe. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wa mphepo, ndipo kafukufuku wodalira thumba la mlendo ndi fodya wapachala.

Kudalira kumeneku kuli ndi mbiri yake. Pamene Zambia inalandira ufulu mu 1964 inali ndi anthu a digiri pafupifupi 100 okha. Komiti ya Sir John Lockwood inalangiza mu 1963 kuti yunivesite yatsopano izitumikira zosowa zenizeni za dziko, ndipo University of Zambia inatsegulidwa mu 1966. Mzambia woyamba kuitsogolera, mu 1969, anali Pulofesa Lameck Goma, mwana wa ku Lundazi, katswiri amene anatchuka pofufuza za udzudzu. Mtengo wa kopa utagwa m'ma 1970 ndalama zinayamba kuuma, ndipo m'ma 1980 World Bank inalimbikitsa maiko a mu Africa kuti aike ndalama zawo zochepazo ku pulayimale, ponena kuti phindu la yunivesite n'lochepa. Malabotale anatha, aphunzitsi ambiri anapita ku Botswana, ku South Africa ndi kutsidya kwa nyanja. Mu 2000 lipoti limene banki yomweyo inakonzetsa pamodzi ndi UNESCO linavomereza kuti dziko losauka silingatukuke popanda maphunziro apamwamba, koma nthawiyo m'badwo wa akatswiri unali utabalalika. Maiko a mu African Union anagwirizana kuti aziika 1 peresenti ya chuma chawo chapachaka pa kafukufuku. Chiwerengero cha Zambia cha mu 2008 chinali chosakwana 0.3 peresenti. Mayunivesite achuluka ndithu, aboma ndi a anthu wamba, makamaka kuyambira pa lamulo la 2013 limene linakhazikitsa Higher Education Authority, koma ambiri ntchito yawo ndi kuphunzitsa basi, poti choko ndi bolodi n'zotsika mtengo kuposa labotale.

Vuto lina ndi mmene tinagawira ntchito. Msekera ili pansi pa ZARI, bungwe la boma la kafukufuku wa zaulimi, m'unduna wa zaulimi. Mayunivesite ali m'unduna wa zamaphunziro. Thumba la sayansi lili m'unduna wa zaluso ndi sayansi. Zotsatira zake, katswiri wa pa Msekera ali ndi minda yoyesera koma alibe ophunzira akeake, mphunzitsi wa ku Lusaka ali ndi ophunzira koma minda ya alimi a kuno ili kutali, ndipo mlangizi wa ku Chiparamba, amene amaona vuto tsiku ndi tsiku, alibe njira yofikitsira funso lake kwa onse awiri. Maiko amene ulimi wawo unakwera ndi sayansi anamanga zitatuzi mtolo umodzi. Ku United States lamulo la Morrill la 1862 linapereka malo omangira makoleji a zaulimi m'zigawo, lamulo la Hatch la 1887 linaika malo a kafukufuku pa makolejiwo, ndipo lamulo la Smith-Lever la 1914 linalumikizako alangizi. Ku Netherlands, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, yunivesite ya Wageningen inaphatikizidwa ndi malo a kafukufuku wa zaulimi a boma. Sindikunena kuti titengere zonse za eni, koma mfundo yake ndi yomveka kulikonse. Taganizani wophunzira wa chaka chachitatu atakhala dzinja lonse ku Chiparamba ndi mlangizi, akuwerenga zitsamba zodwala mzere ndi mzere, akutenga nshawa zoyanikidwa pa dothi ndi zoyanikidwa pa thandala n'kukaziyeza chuku ku labotale ya pa Msekera. Poizoni wa chukuyu ndi chimodzi mwa zimene zinatsekera nshawa zathu misika ya ku Ulaya, ndipo mu 2024 unduna wa zaumoyo unalengeza kuti wapezeka m'ufa wina wa chimanga, agalu pafupifupi 400 atafa. Mwana amene wagwira ntchito yotere akamalandira digiri amakhala atathandiza kale mudzi.

Ena adzati ndalama zili kuti, pamene mayunivesite amene alipo kale akumira m'ngongole za misonkho ndi mapenshoni a antchito opuma. Amenewa akunena zoona, ndipo n'chifukwa chake sindikupempha mzinda watsopano wa nyumba zagalasi. Mu 1979 boma linakonza zoti University of Zambia ikhale ndi nthambi ku Lusaka, ku Ndola ndi ku Solwezi. Ya ku Ndola inakula n'kukhala Copperbelt University mu 1987 chifukwa inapeza nyumba ndi ntchito yoti iyambirepo ku Kitwe, pamene ya ku Solwezi, imene inafuna kuyamba popanda kanthu, inathera papepala. Pa Msekera malo alipo, minda yoyesera ilipo, akatswiri alipo, zolemba za zaka makumi zilipo. Poyambira pangakhale sukulu imodzi yokha ya zaulimi, nthambi ya yunivesite imene ilipo kale, yotenga ophunzira ochepa, akatswiri a ZARI akuphunzitsa nawo ndi kulandira ulemu wa uphunzitsi. Bunda ku Malawi inayenda njira yomweyi: inakhala koleji ya University of Malawi kwa zaka zoposa 40 isanaime payokha ngati LUANAR. Ndipo tisamanamizane kuti ndalama kulibiretu. Boma linakwanitsa kukweza thumba la chitukuko la CDF kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense mu 2022. Kagawo kakang'ono ka ndalama zimene zimapita ku feteleza wotsika mtengo wa FISP chaka chilichonse kangalipire kafukufuku wofuna kudziwa ngati fetelezayo akugwirizana ndi dothi limene akuthiridwamo.

Chitsutso chimene ndimachilemekeza kwambiri ndi cha makolo. Iwo amati mwana wawo anamuphunzitsa kuti achoke pa khasu, ndiye n'chifukwa chiyani ana a ku Lusaka aziphunzira zamalamulo ndi udokotala, a Kum'mawa n'kubwezedwa kumunda? Palibe amene ayenera kutsekeredwa njira, ndipo ngongole ya maphunziro ya HELSB iyenera kupitiriza kutumiza mwana wa ku Chiparamba kulikonse kumene mutu wake ukumufikitsa. Koma kafukufuku wa zaulimi si khasu. Kuti upeze mbewu yopirira chilala chonga cha 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachitcha tsoka la dziko mu February chaka chimenecho, pamafunika wodziwa za chibadwa cha zomera, wa masamu, wa zanyengo ndi wa makompyuta. Kulimbana ndi ntchemberezandonda za mtundu watsopano, zimene zinalowa m'dziko muno kumapeto kwa 2016, kumafuna akatswiri a tizilombo. Kuti nshawa zibwerere pa msika wakunja pamafunika wa zamankhwala, injiniya wa makina osendera, wa zachuma ndi loya wodziwa malamulo a malonda. Maphunziro enawo adzamera pamenepo, ali ndi ntchito yowadikira. Digiri yopanda ntchito tayiona kale, ndipo ana ambiri a digiri amene akugulitsa tokotaimu m'misewu ya Lusaka anaphunzira zimene aliyense akuphunzira.

Palinso amene amayeza yunivesite ndi mndandanda wa masukulu otchuka padziko lonse, n'kumati ka sukulu ka ku Chipata sikadzaonekako. Mindandanda imeneyi imawerenga kwambiri zolemba za m'magazini a akatswiri a kumpoto ndi kutchuka kwa dzina, ndipo siiwerenga matumba a nshawa opulumuka ku chuku. Komabe ngakhale pa muyezo wawo womwewo, dzina la Msekera linalowa m'magazini amenewo chifukwa cha jelejele ndi kadukutu, mafunso amene katswiri wa ku London sangawayankhe ali kwawo. Ndipo ubale wa kunja umene ungatipindulire msanga uli pafupi. Kuchoka ku Chipata kudzera pa Mwami ndi Mchinji, Chitedze ndi Bunda zili pafupi kwambiri kuposa Lusaka. Dothi n'lofanana, mvula n'njofanana, alimi a mbali zonse ziwiri ndi a ku Tete komwe amayankhula chiyankhulo chimodzi, kotero kapepala ka ulangizi kolembedwa ku Lilongwe kangawerengedwe ku Chiparamba osamasulira. Pangano la SADC la zamaphunziro, limene linasainidwa ku Blantyre mu 1997, limapempha mayunivesite kusungira ophunzira a maiko anzathu malo 5 pa 100 alionse ndi kuwalipiritsa monga eni dziko. Bungwe la RUFORUM, lomwe likulu lake lili ku Kampala, lakhala likulumikiza masukulu a zaulimi a mu Africa kuyambira mu 2004. Wophunzira wa pa Msekera angathe kukhala teremu imodzi ku Bunda, wa ku Bunda n'kubwera kuno, aphunzitsi awiri n'kuyang'anira kafukufuku mmodzi.

Choncho aphungu a Kasenengwa, Chipangali, Luangeni ndi Chipata Central, pamodzi ndi mafumu athu, akamakakumana ndi nduna asamangopempha mwala wa maziko. Apemphe pangano lolembedwa pakati pa unduna wa zaulimi ndi wa zamaphunziro lotsegula Msekera kwa ophunzira, mzere wakewake mu bajeti wolipira kafukufuku wa zaka zosachepera khumi, ndi mipando ya alimi ndi alangizi m'komiti yosankha zoti zifufuzidwe. A thandizo akunja adzabwera ndithu, monga anabwerera pa nshawa ndi pa mitengo, ndipo tidzawalandira, koma adzapeze mafunso atasankhidwa kale ndi eni minda komanso malipiro a wofufuza akuchokera ku Treasury.