Lonjezo Silichotsa Utsi M'khitchini

M'chaka cha 2021 boma la Malawi lidalonjeza ku bungwe la United Nations, potsatira pangano la ku Paris la 2015, kuti pofika chaka cha 2040 lidzachepetsa mpweya woipa wotenthetsa dziko ndi magawo 51 mwa magawo 100 aliwonse a mpweya umene ukadatuluka pakadapanda kuchitika kanthu. Akatswiri adawerengera kuti zinthu zikapanda kusintha, mpweyawo udzachuluka koposa katatu poyerekeza ndi wa mu 2017. Lonjezoli ndi lokoma kulimva. Komatu woliwerenga mofatsa apeza kuti magawo 6 okha ndiwo dziko lidati lidzakwanitsa ndi chuma chake, pamene magawo 45 otsalawo akudikira thandizo la maiko akunja. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Dziko losungitsa mpweya wa ana ake m'thumba la mlendo silingadzitame kuti lili ndi chikonzero.

Chomvetsa chisoni n'chakuti utsi umene ukupha anthu lero suchita kudikira 2040. Mabanja oposa 9 mwa 10 aliwonse m'Malawi amaphikira nkhuni kapena makala. Mayi amawerama pamafuwa m'kanyumba kopanda zenera, khanda lili kumsana, onse akupuma utsi umodzi. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO lidawerengera kuti mu 2020 utsi wa m'nyumba udapha anthu pafupifupi 3.2 miliyoni padziko lonse, kudzera m'matenda monga chibayo ndi nthenda za mtima.

Ena amati boma silidakhale chete, pakuti lidaika cholinga choti mbaula zosunga nkhuni, monga chitetezo mbaula, zikwane 2 miliyoni pofika 2020. N'zoona kuti mbaula zotere zimapulumutsa mitengo. Koma kuwerenga mbaula si kuwerenga mapapo athanzi. Kafukufuku amene adachitika ku Chikwawa ndi ku Chilumba, nafalitsidwa mu 2017, adapeza kuti mbaula zamakono zochepetsa utsi sizidachepetse chibayo pakati pa ana aang'ono. Zikadatheka bwanji pamene mwanayo amapumabe utsi wa kwa anansi, wa zinyalala zotenthedwa ndi wa lupsa?

Enanso amati mankhwala ake ndi chikoti. Mu 2015 asilikali adatumizidwa kukalondera nkhalango ya Dzalanyama, ndipo mu 2020 lamulo la zankhalango lidakhwimitsa zilango za ootcha makala popanda chilolezo. Nkhalango ziyenera kutetezedwa ndithu. Komabe munthu wokankha njinga ya matumba atatu usiku wonse sachita izi chifukwa chodana ndi mitengo. Amadziwa kuti ku Ndirande, ku Kawale ndi ku Chibavi kuli omudikira, ndipo pakati pa ogulawo pali aphunzitsi, apolisi ndi akuluakulu a m'maofesi. Kulanda thumba pamsewu n'kusiya njala ya makala m'tauni kuli ngati kusadza nthambi n'kusiya muzu. Mtengo wa makala umangokwera, wootcha n'kubwerera kuthengo.

Muzu wake ndi kusowa kwa moto wina wophikira. Kalembera wa 2018 adapeza kuti mabanja pafupifupi 11 okha mwa 100 aliwonse ndiwo ankaunikira magetsi. Ngakhale ali nawo sawadalira. Mu Januwale 2022 namondwe Ana adaononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko n'kutaya mphamvu pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka. Tsono vutoli limadzibala lokha: mitengo ikatha m'mapiri, dothi limakokolokera mu Shire, matope amatseka makina ku Nkula ndi ku Tedzani, magetsi amazima, ndipo banja la m'tauni limagula thumba lina la makala.

Choncho dziko lofunadi kukwaniritsa lonjezo lake liyambire pamene pali poto. Magetsi afike m'nyumba zambiri, ndipo achokere ku dzuwa ndi ku mitsinje yosiyanasiyana, osati ku Shire yekha. Gasi wophikira atsike mtengo ndi kugulitsidwa pang'onopang'ono, monga momwe mayi amagulira makala a tsiku limodzi. Makhonsolo a mizinda azichotsa zinyalala kuti anthu aleke kuzitentha. Koposa zonse, mpweya wa m'mizinda uziyezedwa, ndipo chaka ndi chaka boma lizifotokozera Nyumba ya Malamulo pamene lafika, pakuti lonjezo lopanda wolilondola limafera m'kabati.

Ophunzira amene ali kusekondale lero adzakhala makolo ndi atsogoleri mu 2040. Ambiri mwa olonjezawo adzakhala atapuma pantchito, koma utsi udzatsalira ana a ophunzirawa. N'chifukwa chake achinyamata ali ndi ufulu wofunsa phungu aliyense wodzapempha voti kuti anene chimene wachita kuti mayi wa m'dera lake aphike nsima osakhetsa misozi ya utsi.