SUKULU YA MKOMBAPHALA SI YOSEKA

Pano pa sukulu, mnzathu akalephera funso lapafupi m'kalasi, timamuuza kuti abwerere ku mkombaphala, ndipo kalasi lonse limafa nalo phwete. Ine ndifuna kuiikira kumbuyo sukulu yonyozekayi, ndipo ndipempha aphunzitsi athu ndi inu anzanga kuti mundimvere kufikira nditatha.

M'chaka cha 1994 Boma linachotsa fizi m'sukulu za pulaimale, ndipo ana analumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupi 3 miliyoni. Ichi chinali chinthu chabwino ndithu. Komatu ana a zaka 6 olowa Sitandade 1 safanana ai. Mwana wa mphunzitsi kapena wa kalaliki amabwera ataona kale buku, atagwirapo pensulo, ndiponso atadya. Mwana wa mai wokhalira ganyu amabwera ndi njala, ndipo pepala loyamba kuligwira ndi la tsiku lomwelo. Onsewa akhala pansi m'kalasi limodzi, kawirikawiri la ana oposa 100, pamaso pa mphunzitsi mmodzi. Kodi mphunzitsiyo adzathamanga ndi yani? Adzathamanga ndi oyankha. Winayo adzabwereza kalasi kawiri kapena katatu, natopa, nakhala pakhomo. Tsono anthu adzati mwana wa uje alibe mutu wa sukulu.

Mutu anali nao, koma unasowa chakudya pa nthawi yache. Kafukufuku wa zaumoyo wa m'chaka cha 2015 ndi 2016 anapeza kuti mwa ana 100 osakwana zaka 5 m'dziko muno, 37 anali opinimbira. Odziwa za umoyo atiuza kuti bongo umakula msanga koposa m'masiku 1,000 oyamba, kuyambira mwana ali m'mimba kufikira akwanitsa zaka ziwiri, ndi kuti chimene chaonongeka pamenepo nchobvuta kuchikonza pambuyo pache. Akulu akale anaona zomwezi popanda makina pamene anati m'mera mpoyamba. Ife timaulemba mwambiwu m'mayeso a Chichewa ndi kulandira malikisi, koma sitifunsa kuti m'merawo authirira ndani.

Taonani m'mene mkombaphala wa kumudzi uyendera. Anthu a mudzi asankha komiti, aumba njerwa kapena abwereka nyumba ya mapemphero, ndipo amai ndi abambo ena adzipereka kukhala alezi. Ana a zaka 3 kufikira 5 asonkhana m'mawa, naimba, nawerenga timiyala ndi zitsekero za mabotolo, naumba ng'ombe za dothi, naphunzira kudikira mnzao alankhule ndi kusamba m'manja asanadye. Dzuwa likakwera akomba phala, nabwerera kwao. Zioneka zazing'ono, koma tawerengani amene apindula. Mai apeza mpata wopita kudimba kapena kumsika wopanda mwana kumsana. Mlangizi wa zaumoyo apeza ana onse pamalo amodzi, nazindikira msanga amene sikelo yache iri kutsika. Ndipo koposa zonse, mlongo wache wa zaka 9, amene akadatsala pakhomo kulera, apita ku sukulu. Inu atsikana a m'nyumba zogona za kumtunda mudziwa bwino anzanu amene anatsala m'njira chifukwa cha nchito yolerayi.

Ena adzati makolo athu sanapite ku mkombaphala, koma anakula ndi nzeru, pakuti agogo anawaphunzitsa ndi nthano ndi zirapi pamoto madzulo. Nzoona, ndipo sindinyoza nthano. Koma lero agogo ambiri ndiwo asanduka makolo a ana amasiye, ndipo munthu amene watha tsiku lonse kufunafuna ufa sakhala ndi mphamvu ya nthano.

Enanso adzati ndalama zipite ku sekondale ndi ku yunivesite kumene kuturuka madokotala. Awa ndiwauza za ku America. Kuyambira m'chaka cha 1962, m'tauni ya Ypsilanti ku Michigan, David Weikart ndi anzache anatenga ana a mabanja osauka a zaka 3 ndi 4, onse pamodzi 123. Mwa iwo 58 analowa sukulu ya ana yochedwa Perry, ndipo 65 sanalowe. Anawatsata anawa kufikira atakwanitsa zaka 40. Opita ku sukuluyo ndiwo anachuruka pomaliza sekondale ndi popeza nchito ya malipiro abwino, ndipo anachepa pa omangidwa ndi apolisi. Chimene chinandikhudza ine nchakuti aphunzitsi a pa Perry ankayendera nyumba ya mwana aliyense sabata ndi sabata, kukakhala pansi ndi mai wache. Anadziwa kuti mwana akhala ndi mphunzitsi maola ochepa, koma tsiku lonse lotsala ali pakhomo.

Chifukwa chache sitingathandize mwana ndi kusiya banja lache. Kuno kwathu Mtukula Pakhomo anayambira ku Mchinji m'chaka cha 2006, kupereka ndalama kwa mabanja osaukitsitsa amene alibe munthu wamphamvu wogwira nchito, ndipo pambuyo pache anafika m'maboma onse. Bungwe la Mary's Meals linayambanso kuno m'chaka cha 2002 ndi ana 200 okha, kuwaphikira phala pa malo ophunzirira. Zonsezi ndiziyamika. Dandaulo langa liri pa alezi. Ambiri a iwo agwira nchito mongodzipereka, pamene nawonso ali ndi minda yao ndi ana ao. Mvula ikagwa, mlezi asankhe pakati pa kupalira chimanga chache ndi kuimba ndi ana a eni. Ndani angamdzudzule akasankha khasu? Ndipo m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zikauma, phala limatha, ana naleka kubwera, ndiyo nthawi imene alifunitsitsa phalalo. Ine ndiganiza kuti mlezi ayenera kuphunzitsidwa bwino ndi kulandira kanthu mwezi ndi mwezi monga wanchito wina aliyense, pakuti sitipempha mphunzitsi wa Fomu 4 kuti atiphunzitse ulere.

Izo nza Boma, ndipo Boma siliwerenga magazini athu ano. Za ife ndi izi. Timadya katatu pa tsiku, ngakhale tidandaula ndi nyemba zofumbwa. Ndipempha a Hedimasitala kuti atilole kupatula mizere ingapo m'munda wa sukulu, tibzalemo soya ndi mtedza, zokolola zache tikapereke ku mkombaphala wa m'mudzi woyandikana nafe isanafike Januwale. Makope athu akale ali ndi mapepala osalembedwa kumapeto. Tiwasonkhanitse, ndipo odziwa kujambula ajambulemo zirembo ndi nyama. Pa tchuthi chikudzachi aliyense apite masiku awiri kapena atatu ku mkombaphala wa kwao, akatunge madzi, akawaze nkhuni, akafunse alezi chimene chiwasowa, ndipo pobwera adzatiuze. Ofuna kulembetsa maina andipeze m'chipinda chodyera Loweruka tikatha nchito ya m'munda.

Wophunzira wa Fomu 3