Linali Tsiku Lake?

Abale, taonani msewu wochokera ku Lilongwe kunka ku Mchinji. Pa Mpingu ndi pa Namitete amalonda ayala tomato m'mphepete mwenimweni mwa phula, ana aoloka, ndipo anyamata a kabaza athamanga pakati pao atakweza anthu atatu, popanda ndi mmodzi yemwe wovala chisoti. Wina akagwa timnyamula kunka naye ku chipatala cha St Gabriel, ndipo akafa titi, "Linali tsiku lake." Bodza limenelo! Tsikulo tidalikonza ndife.

Inu mafumu ndi akulu a mpingo, kaumirizeni khonsolo ya boma la Lilongwe kuti misika ichoke pamsewu. Nanunso okwera, kanani njinga yopanda chisoti. Kodi ndalama imene musunga pokwera atatu idzakugulirani mutu wina?