Kampira Kasanagwe

Gudumu la roulette la ku Ulaya lili ndi timabowo 37, kuyambira pa 0 kulekeza pa 36. Ukaika K100 pa nambala imodzi, kampira n'kugwera pomwepo, amakubwezera K100 yakoyo n'kuonjezerapo K3,500. Tsono tiyerekeze kuti waika K100 pa nambala iliyonse kuti kampirako kasowe kothawira. Watulutsa K3,700, ndipo kuwina uwina ndithu, koma m'manja mwako mubwera K3,600. K100 yasowayo ndiyo ndiwo za mwini kasino: pafupifupi K2.70 pa K100 iliyonse yodutsa patebulo. Gudumu la ku America lili ndi kabowo kena ka 00, ndiye kumeneko mwini wake amatapa zopitirira K5.

Masamu amenewa si achinsinsi. Ku Monaco amawadziwa bwino, mwakuti nzika za dzikolo siziloledwa kutchova njuga mu kasino yawo yotchuka ya Monte Carlo; imeneyo ndi ya alendo. Alendowo nawonso ambiri amawadziwa, komabe amatchena masuti n'kukakhala patebulo mpaka tambala kulira. Azibusa ndi azakhali amati n'dyera, kufuna kukolola posalima. Ine yankho limeneli silindikwanira. Munthu wadyera weniweni sakhala mbali ya otchova, amatsegula kasino yake. Wotchova amagula chinthu china, ndipo tikapanda kuvomereza kuti chinthucho n'chokoma, sitingamvetse chifukwa chake anthu anzeru zawo amabwererako.

Amagula masekondi aja kampira kakuzungulira, kasanagwe.

Aliyense amene anaonerapo penate pamasewero a Bullets ndi Wanderers amawadziwa masekondi amenewa. Wenzulo yalira, womenya wabwerera m'mbuyo, bwalo lonse lili zii, mitima ili m'mwamba. Chigoli chikalowa pamakhala chimwemwe, inde, koma chomwe chimaumitsa kukhosi ndi kudikira kuja. Kungoti penate imabwera mwa apo ndi apo, pamene kasino imakumenyera ina mphindi ziwiri zilizonse, iwe utaikapo ndalama.

Asayansi anaziona zimenezi mu ubongo wa anyani. Wolfram Schultz ndi anzake ankaonetsa anyaniwo zithunzi, kenako n'kuwadonthezera madzi otsekemera m'kamwa, uku akuyeza timaselo totulutsa dopamine, mankhwala a mu ubongo omwe amachititsa nyama kulakalaka chinthu n'kuchilondola. Zomwe anafalitsa mu 2003 zinaonetsa kuti nyani akadziwa kuti madziwo abwera ndithu, kapena kuti sabwera n'komwe, nthawi yodikira timaseloto timakhala phee. Koma mwayi ukakhala theka kwa theka, timayamba kutakataka, n'kumaonjezera mpaka nthawi yomwe madzi amayenera kugwa. Chotiyatsa chinali kukayika. Zaka 50 m'mbuyo mwake, B. F. Skinner wa ku Harvard anali ataona zofanana pa nkhunda. Nkhunda yomwe imalandira chakudya mosadziwika bwino, nthawi zina itajompha batani kawiri, nthawi zina kambirimbiri, imajompha osapuma, ndipo imachedwa kusiya ngakhale chakudyacho chitaleka kubwera. Skinner yemweyo ananena kuti makina a njuga amayendera mfundo imeneyi.

Pomwe pamandipatsa chidwi kwambiri ndi pa kuphonya pang'ono. Makina oyamba otchuka a njuga, omwe Charles Fey anapanga ku San Francisco m'zaka za m'ma 1890, anali ndi timagudumu titatu tozungulira zenizeni. Mabelu atatu akandandalikana, wawina. Chomwe maso ankaona chinali chomwe chachitikadi. Mu 1984 katswiri wa masamu wochokera ku Norway, Inge Telnaes, analembetsa ku America njira yatsopano: kompyuta ndiyo isankhe zotsatira, timagudumuto tizingoonetsa. Kuyambira pamenepo zinatheka kukonza makina moti chizindikiro cha ndalama zambiri chizionekera kawirikawiri pamwamba kapena pansi pa mzere wowinira, koma n'kumagwera pamzere penipenipo mwa kamodzikamodzi. Wosewera amaona ziwiri zakhala bwino, chachitatu chatsetsereka pang'onong'ono, ndiye amagwira m'mutu amvekere, "Zinatsala pang'ono!" Sizinatsale pang'ono. Kompyuta inali itamaliza kale nkhaniyo gudumu lisanaime.

Mu 2009 Luke Clark ndi anzake a ku Cambridge anajambula ubongo wa anthu akusewera makina otere. Anthuwo ananena kuti kuphonya pang'ono kumawawa kuposa kuphonya kotheratu, koma kunkawaonjezera chilakolako chopitiriza, ndipo mbali za ubongo zomwe zimatakataka munthu akawina zinkatakatakanso. Ubongo sukulakwa mwachisawawa. Pa ntchito iliyonse yofuna luso, kuphonya pang'ono ndi umboni woti dzanja likuzolowera, uyesenso. Pa makina a njuga palibe dzanja lozolowera, koma ubongo sunauzidwe zimenezo.

Makina a masiku ano anafika pena. Amakulola kubetcha pa mizere yambiri nthawi imodzi, ndiye utha kuika K200, mzere umodzi n'kukubwezera K50. Wadyedwa K150, koma makina akuphethira magetsi, akuimba nyimbo yachikondwerero. Mike Dixon ndi anzake a pa yunivesite ya Waterloo ku Canada anayeza thukuta la pakhungu la osewera mu 2010, napeza kuti thupi limanyanyuka pa kudyedwa kovekedwa nkhata kumeneku pafupifupi ngati mmene limachitira pa kuwina kwenikweni. Ngati pali chinthu mu kasino chomwe ndingachitchule kuti chinyengo osaphethira, n'chimenechi.

Kukoma kwina n'kwa kudzimva kuti uli ndi gawo pa zomwe zichitike. James Henslin, yemwe anafufuza otchova njuga ya madayisi m'zaka za m'ma 1960, anaona kuti akafuna nambala yaing'ono amaponya mofatsa, akafuna yaikulu amaponya mwamphamvu. Pa roulette kasino imaika chikwangwani choonetsa manambala omwe angotuluka kumene, ndipo simutumikira wosewera pochita zimenezi. Gudumu silikumbukira. Pa 18 August 1913 ku Monte Carlo kampira kanagwera pakuda ka 26 motsatizana, anthu n'kutaya chuma chambiri pobetcha pofiira, ati nthawi yake yakwana. Pa kuzungulira kulikonse mwayi wa pofiira unali womwe uja, 18 mwa 37. Koma taganizirani mmene munalili m'chipindamo pofika ulendo wa 20, aliyense akudziona ngati watulukira chinsinsi chomwe gudumu likubisa.

Zina zonse n'zokometsera. Ndalama amakusinthira n'kukupatsa timapulasitiki tozungulira tamitundumitundu, chifukwa kukankha kapulasitiki sikupweteka ngati kuwerenga ndalama zapepala. Mawindo ndi mawotchi m'makasino ambiri n'zosowa. Wowina amamveka chipinda chonse, wodyedwa amanyamuka mwakachetechete, ndiye khutu limakuuza kuti muno anthu akungowina.

Nzeru sizitchinjiriza munthu ku zimenezi. Fyodor Dostoevsky, mlembi wa ku Russia yemwe ankaudziwa mtima wa munthu kuposa ambiri a ife, anathera ndalama pa roulette ku Wiesbaden ndi ku Baden-Baden mpaka kupinyolitsa ndolo ndi zovala za mkazi wake. Buku lake lonena za wotchova njuga analilemba mu 1866 pasanathe mwezi, ngongole zili pakhosi, ndipo atalimaliza anapitirizabe kutchova zaka zina zingapo.

Chomwe otsatsa malonda a kasino satchula n'chakuti kunyanyuka kuja kumatha. Natasha Dow Schüll, yemwe anatha zaka zambiri akucheza ndi osewera makina ku Las Vegas n'kutulutsa buku mu 2012, anapeza kuti okhazikika pa makinawo safunanso chisangalalo. Amafuna kumira, kuiwala nthawi, ngongole, ngakhale njala. Ena anamuuza kuti kuwina ndalama zambiri kumawasowetsa mtendere chifukwa makina amaima kaye. Liwiro ndilo limawafikitsa pamenepo. Patebulo pali munthu wogawa timapulasitiki, pali kudikira anzako, pali kucheza. Pa makina munthu amabetcha maulendo mazanamazana pa ola limodzi, ali yekha. Mu 2013 madokotala a matenda a maganizo ku America anaika vuto la njuga m'gulu limodzi ndi la mowa ndi mankhwala ozunguza bongo.

Kuno kwathu ambiri sanapondemo mu kasino, koma masekondi aja anawapeza pafoni. Aviator, yomwe aliyense amangoti kandege, inapangidwa ndi kampani ya Spribe mu 2019, ndipo amene anaikonza ankadziwa ntchito yake. Kandege kakunyamuka, nambala yochulukitsira ndalama yako ikukwera, 1.20, 1.50, 2.00, ndipo chala chako ndicho chisankhe potsikira kasanathawe. Kudikira kulipo, kudzimva kuti ndiwe woyendetsa kulipo, ndipo pambali pakuoneka ndalama zomwe anzako akudya. Chomwe roulette ilibe n'chakuti ukatsika pa 2.00, kandegeko amakusiya uzikaonerera kakukwera mpaka 15.00 kapena 40.00. Wochedwa kutsika amadandaula kuti akanatsika msanga, wotsika msanga amadandaula kuti akanapirira, ndipo onse awiri asanamalize kudandaula kandege kena kaima kale pamzere, kakudikira ndalama.