Kugula Kabogi Sikumanga Sitima

Ku Britain ndi ku Germany kuli chizolowezi china chimene mlendo akachiona koyamba amagwira pakamwa. Munthu wamkulu, wa imvi kumutu, mwina mphunzitsi wopuma pa ntchito, amapatula chipinda chimodzi cha nyumba yake nayalamo njanji pathebulo. Pa njanjipo amayendetsa tisitima ta magetsi, tating'ono kwambiri kotero kuti kabogi kamodzi kamakhala bwinobwino pachikhatho. M'mbali mwa njanji muli tisiteshoni, timilatho ndi timitengo, zonse zochepetsedwa pa muyeso umodzi. Ambiri akamva zimenezi amati ndi chibwana cha anthu okhuta. Chibwana chilipo ndithu, koma sichili pamene iwo akuloza. Chili mwa munthu amene amangotulutsa ndalama, nabwera ndi kabogi konyezimira, nakaika pa njanji, n'kumadzitcha katswiri. Mnzake amene amagula kabogi komweko nakhala nako masabata atatu, kukaphwasula, kukapenta ndi kukayerekeza ndi bogi yeniyeni, ali pa ntchito yofuna masamu, mbiri yakale ndi maso akuthwa.

Malonda a tisitimati ndi akale. Kampani ya Märklin ya ku Göppingen idaonetsa pa chionetsero cha ku Leipzig mu 1891 tisitima toyenda pa njanji za muyeso wokhazikika, kuti wogula azitha kuonjezera zidutswa chaka ndi chaka. Ku Liverpool, Frank Hornby adayamba kugulitsa tisitima tochuna ngati wotchi mu 1920, ndipo mu 1938 kampani yake idatulutsa tating'ono kwambiri totchedwa Hornby Dublo, tokwana pathebulo la m'nyumba. Kuyambira nthawi imeneyo ogulitsa adadziwa kufooka kwa ogula awo. Wongoyamba kumene amakopeka ndi injini, pakuti ndiyo ili ndi dzina, ndiyo imayenda, ndiyo imajambulidwa pa bokosi. Mapeto ake amakhala ndi injini khumi ndi timabogi tinayi tosagwirizana. Koma kodi njanji idamangidwira injini? Anthu amakwera m'mabogi, ndipo amene akufuna kuonetsa m'mene anthu a nthawi ina ankayendera ayenera kuyambira kumeneko.

Asanagule kanthu, munthuyu amakumana ndi masamu. Muyeso wofala ku Britain umatchedwa OO, ndipo tanthauzo lake n'lakuti phazi limodzi la chinthu chenicheni limasanduka mamilimita 4, ndiko kuti chilichonse chimachepetsedwa ka 76. Mabogi otchuka a British Railways otchedwa Mark 1, amene adayamba kupangidwa mu 1951, ambiri adali otalika mapazi 64 ndi theka. Kabogi kake kayenera kukhala mamilimita 258, ndipo munthu wa msinkhu wabwino woimirira pakhomo pake sapitirira mamilimita 24. Mphunzitsi amene wavutika kufotokozera ana za kuchepetsa zinthu pa muyeso adzaona kuti apa phunziro lonse lili pachikhatho.

Masamu omwewo ndiwo amaulula bodza la ogulitsa. Njanji zenizeni za ku Britain n'zotalikirana mamilimita 1,435. Kuwachepetsa pa muyeso wa OO kumapereka mamilimita 18.83, koma njanji za OO zogulitsidwa m'sitolo n'za mamilimita 16.5 okha. Chifukwa chake n'chakuti sitima za ku Britain n'zocheperako thupi poyerekeza ndi za maiko ena, ndipo timakina ta masiku oyambawo sitinkakwana m'kati mwa tiinjini take pa muyeso wa HO, umene umachepetsa zinthu ka 87. Opanga adakulitsa thupi nasiya njanji momwemo, ndipo cholakwikacho chidakhazikika mpaka lero. Alipo ena osafuna kunyengedwa amene amazula magudumu onse naikamo ena, namanga okha njanji za mamilimita 18.83, ntchito yotha miyezi. Ku Germany bodza lidali lina. Bogi ya mamita 26.4 iyenera kutuluka mamilimita 303 pa muyeso wa HO, koma kwa zaka zambiri makampani ankagulitsa timabogi ta mamilimita 264, tofupikitsidwa dala kuti tisagundane pokhota. Wogula wopanda rula sakadadziwa kuti amudulira mamilimita 39.

Nzeru yogulira, tsono, imayambira pa kuyesa thebulo. Ambiri amayamba ndi thabwa la mapazi 8 m'litali ndi mapazi 4 m'lifupi. Timabogi 8 ta Mark 1 pamodzi ndi injini timapitirira mamita awiri, ndipo pa thabwa lotere sitimayo imadzaza pafupifupi theka la njira yonse, nimaoneka ngati galu wothamangitsa mchira wake. Titatu kapena tinayi n'tokwanira, malinga tisankhidwe mwanzeru. Sitima iliyonse ya anthu inkayenera kukhala ndi bogi yokhala ndi kachipinda ka gadi ndi mabuleki a pamanja. Kuiwala imeneyi kuli ngati kumanga nyumba yopanda chitseko. Utoto nawonso uli ndi zaka zake. Kuyambira 1949 mabogi a sitima zazikulu ankapentedwa mofiira kumunsi ndi moyera ngati mkaka kumtunda. Mu 1956 adasintha kukhala ofiira moderako, ndipo chapakati pa zaka za m'ma 1960 kudabwera utoto wa buluu ndi wotuwa. Pakuti injini za nthunzi zidaleka kukoka sitima za British Railways mu Ogasiti 1968, zidaonana ndi mabogi a buluu kwa zaka zochepa chabe. Komabe kupenta mabogi zikwizikwi kunkatenga nthawi, motero sitima yosakaniza mitundu iwiri yoyandikana zaka si yolakwika, ndipo kawirikawiri ndiyo ili pafupi ndi choonadi kuposa yofanana yonse.

Kabogi kakafika kunyumba m'pamene ntchito imayamba. Akulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, koma m'kabogi kogula mulibe ngakhale nyerere. Mipando, makoma ndi pansi pake kawirikawiri zimakhala pulasitiki ya mtundu umodzi, ndipo mulibe munthu ndi mmodzi yemwe. Mmisiri amachotsa thupi la kabogi mosamala ndi nsonga ya mpeni, napenta mipando molingana ndi kalasi yake, namata timakatani ta pepala. Kenaka amaikamo apaulendo. Kampani ya Preiser ya ku Germany idatchuka ndi tianthu totere, koma pali chinsinsi chimene bokosi silinena: pansi pa kabogi m'pokwera kuposa m'mene payenera kukhalira, chifukwa pulasitiki njokhuthala, kotero tianthuto sitikwana pampando mpaka titadulidwa miyendo. Palibe amene amaona zimenezi kudzera pazenera. Wanzeru sadzaza mipando yonse, pakuti sitima ya masana pakati pa sabata siikhala yodzaza. Amaika mayi ndi mwana apa, bambo wowerenga nyuzipepala uko, nasiya malo ambiri opanda munthu.

Kunja kwake kulinso zambiri. Pa timabogi takale magalasi amakhala m'kati kwambiri ngati mazenera a nyumba ya njerwa, pamene pa bogi yeniyeni galasi limakhala pafupi ndi chitsulo cha kunja, chotero amadulidwa ena, limodzilimodzi. Zolumikizira zochokera ku fakitale n'zazikulu mopanda manyazi ndipo zimasiya mpata umene wapaulendo weniweni akadagweramo. Ndipo pali kanthu kena kochepa kuposa njere ya mpunga kamene kamasiyanitsa wodziwa ndi wosadziwa: nyali yofiira ya kumbuyo kwa bogi yomaliza. Nyali imeneyi siidali yokongoletsa. Woyang'anira zizindikiro za panjanji ankaiyembekezera ndi maso onse, pakuti ikapanda kuoneka ankadziwa kuti mwina sitima yaduka ndipo mabogi ena atsala panjira, motero sankalola sitima ina kulowa. Amene amamata kanyaliko ataphunzira chifukwa chake waphunzira kanthu za m'mene miyoyo ya anthu inkatetezedwera.

Chovuta koposa ndicho kudetsa kabogi. Inde, kukadetsa dala. Bogi yogwira ntchito siikhala yonyezimira, komanso siida paliponse mofanana. Denga limada ndi mwaye wa malasha. Kunsi, ku magudumu ndi ku zitsulo, kumachita mtundu wa dzimbiri chifukwa cha fumbi lochokera ku mabuleki achitsulo. M'mbali mumakhala moyererako chifukwa ndimo munkatsukidwa, koma litsiro limatsalira m'mizere ya zitseko ndi kuseri kwa zogwirira, kumene burashi siinkafika. Wongoyamba kumene amapaka utoto wakuda ponseponse, kabogi n'kuoneka ngati katoledwa pa moto. Kuona maso a nkhono n'kudekha: pamafunika kukhala ndi chithunzi cha bogi yeniyeni patsogolo ndi kupaka chimene chithunzicho chikuonetsa, osati chimene mutu ukuganiza. Luso limeneli ndi lomwe limafunika kwa wojambula mapulani a nyumba, kwa makaniko, ngakhale kwa namwino woyang'ana bala.

Pali gulu lina limene limanyansidwa ndi zonsezi. Awa amagula timabogi natisunga m'mabokosi osatsegula, ponena kuti mtengo wake udzakwera ndipo kupenta ndiko kuwononga chuma. Pa nkhani ya ndalama nthawi zina amalondola, pakuti kabogi kakale kosakhudzidwa kamagulidwa bwino kuposa kopentedwa mosasamala. Koma amenewa ndi amalonda, ndipo azitchedwa choncho. Ena amati masiku ano mafakitale, ambiri a iwo ali ku China, amatulutsa timabogi tokhala kale ndi nyali ndi zogwirira zachitsulo, kotero palibe chotsala choti mmisiri achite. Zoona n'zakuti ubwino umenewu wabwera ndi mtengo wothamangitsa achinyamata, ndipo sitolo yotchuka ya Hattons, imene idayamba ku Liverpool mu 1946, idatseka mu 2024. Mnyamata wa ndalama zochepa akadali ndi njira imene agogo ake adayendamo, yogula kabogi kakale kothyoka pamtengo wotsika ndi kukakonza yekha, ndipo ndiye amene adzatulukemo ndi luso m'manja.

Mtengo weniweni wa ntchitoyi udaoneka mu Meyi 2019, pamene anyamata ena adathyola holo ya sukulu ina ku Stamford usiku, naphwanya zimene gulu la Market Deeping Model Railway Club lidakonza kuti lionetse m'mawa mwake. Anthu adasonkha mapaundi oposa 100,000, ndipo woimba Rod Stewart, amenenso amamanga tisitima, adapereka 10,000. Ndalamazo zidatha kugula injini zina, koma okalamba amene adataya ntchito ya manja awo ya zaka zambiri sakadagula zaka zimenezo m'sitolo iliyonse.

Kusamala kotere kumasunganso mbiri. Ku Long Wittenham kuli nyumba yotchedwa Pendon Museum, imene Roye England, wochokera ku Australia, adaiyambitsa mu 1954 pofuna kusunga m'zifanizo midzi ndi sitima za kumeneko monga zidalili m'zaka za m'ma 1930. Ndipo kabogi kalikonse kali ndi nkhani ya anthu osauka ndi olemera. Poyamba apaulendo a kalasi yachitatu ku Britain ankanyamulidwa m'mabogi opanda denga, mvula ndi mwaye zili pamutu, mpaka lamulo la 1844 lidakakamiza makampani kuyendetsa tsiku lililonse sitima ya mipando ndi denga pa mtengo wa peni imodzi pa mailo. Dzina lakuti kalasi yachitatu lidakhalapobe mpaka 1956. Amene akupenta mipando ya kabogi ayenera kudziwa kuti ndani ankakhala pa mipando yofewa ndi chifukwa chake.

Nanga zonsezi zikukhudza bwanji mnyamata wotsiriza sukulu ku Balaka kapena mphunzitsi wa ku Luchenza? Mwana wa kuno amene amapinda waya napanga galimoto yokhota ndi chiwongolero ali kale ndi theka la luso limeneli. Chimene chimasowa ndicho muyeso, ndipo kawirikawiri akulu amamuletsa asanafike pamenepo, namuuza kuti asiye zachibwana. Makampani a ku Ulaya amapanga zimene zimagulidwa kwawo, motero wofuna kabogi konga ka sitima yochokera ku Limbe ayenera kukamanga yekha, ndi katoni, zitini ndi pulasitiki yoonekera ya botolo. Apa masamu ali kumbali yake modabwitsa. Njanji za Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi South Africa n'zotalikirana mamilimita 1,067. Kuwagawa ndi 64 kumapereka pafupifupi 16.7, kotero njanji zija za mamilimita 16.5, zonama kwa sitima za ku Britain, n'zoona pafupifupi kotheratu kwa sitima za kuno ngati zonse zichepetsedwa ka 64. Amisiri a ku New Zealand, kumene njanji n'zofanana ndi za kuno, akhala akuchita zimenezi kwa zaka zambiri. Pa muyeso umenewu bogi ya mamita 16 imatuluka masentimita 25. Magudumu ndi njanji angachokere ku tisitima takale togulidwa motchipa, koma miyeso ya zitseko ndi chiwerengero cha mazenera ziyenera kutengedwa pa siteshoni penipeni, ndi tepi ndi kope, atapempha chilolezo kwa akulu a pamalopo. Apaulendo okha ndiwo sangapezeke mwa Preiser: mayi wa mtanga wa tomato, mnyamata wogulitsa mizimbe pazenera, ndi bambo wa nkhuku ziwiri zomangidwa miyendo ayenera kuumbidwa ndi dongo, aliyense wosapitirira mamilimita 28.