Khadi lanu lisagone m'thumba la munthu wina

Pafupifupi pa ATM iliyonse ku Soshanguve pali chenjezo lakuti mubise PIN ndiponso musalandire thandizo kwa munthu wosamudziwa. Chenjezoli n'loona, ndipo aliyense amene adakhalapo pamzere wa kumapeto kwa mwezi ku Soshanguve Crossing kapena pafupi ndi siteshoni ya Mabopane akudziwa chifukwa chake. Komatu likunena za mbala yobwera mwadzidzidzi. Lili chete pa anthu amene timawapatsa tokha khadi ndi manja awiri, n'kuwauzanso nambala yachinsinsi: wakatapila, kapitawo wa pafamu, ndi mnzathu amene timalandirira malipiro mu akaunti yake. Wosunga khadi lanu ndi PIN yanu ndiye mwini malipiro anu. Inu mwangotsala ndi thukuta.

Tiyambe ndi wakatapila, amene kuno amatchedwa mashonisa. Ngongole yake ndi yosavuta kutenga chifukwa chikole chake ndi khadi, nthawi zina pamodzi ndi pasipoti. Tsiku lamalipiro iye ndi amene amapita ku ATM. Amatapa zake, n'kukupatsani zotsala, zimene sizifika pakati pa mwezi. Mukabwerekanso, ndipo khadi silibwerera kwanu. Ambiri a ife timayesa kuti umu ndi mmene ngongole imayendera ku Joni. Ayi ndithu. Lamulo la ngongole la dziko lino, National Credit Act la 2005, limaletsa wobwereketsa aliyense kusunga khadi la kubanki, PIN kapena chiphaso cha wobwereka, ndipo kutolera ngongole mwanjira imeneyi ndi mlandu. Aliyense wochita malonda obwereketsa ndalama ayenera kulembetsa ku National Credit Regulator. Pa ngongole yaing'ono ya miyezi yochepa, chiwongoladzanja chololedwa sichipitirira 5 peresenti pamwezi. Yerekezani zimenezi ndi 30 kapena 50 peresenti imene akatapila ambiri amadula. Iye akamakuopsezani kuti akakunenezani kupolisi, kumbukirani kuti makhadi a anthu amene ali m'chikwama chake ndi umboni womutsutsa yekha.

Wachiwiri ndi bwana kapena kapitawo wonena kuti akukusungirani khadi kuti lisatayike, kapena kuti akakutapirani ndalama poti tauni ili kutali ndi famu. Mawu ake ndi okoma, koma lamulo la ntchito, Basic Conditions of Employment Act, limanena kuti malipiro opita kubanki alowe mu akaunti imene wantchito wasankha yekha, ndipo ngongole sidulidwa pamalipiro popanda wantchitoyo kuvomera polemba. Mu Marichi 2025 boma lidaika malipiro otsikitsitsa pa R28.79 pa ola, mofanana kwa wogwira ntchito m'nyumba ndi wa pafamu. Pa sabata ya maola 45 imeneyo inali ndalama yokwana pafupifupi R1,296. Nanga mudziwa bwanji kuti yalowa yonse ngati khadi lili kwa kapitawo, uthenga wa kubanki n'kumafikanso pafoni yake?

Wachitatu ndiye wovuta kumutchula, chifukwa ndi mbale, wa kwathu komweko, mwina wa mpingo umodzi. Amene alibe akaunti amapempha bwana kuti azilipira mu akaunti ya mnzake. Kubanki, ndalama zonse za mu akauntiyo ndi za amene dzina lake lidalembedwa. Iye akamwalira, akagwidwa n'kutumizidwa ku Lindela, kapena ngongole zake zikadulidwa m'menemo, inu mulibe pepala losonyeza kuti gawo lina linali lanu. Wobwereketsa akaunti nayenso ali pangozi. Akuba a pafoni amafuna maakaunti a anthu osalakwa kuti adutsitsemo ndalama zakuba, ndipo amalipira kangachepe. Apolisi akamalondola ndalamazo amafikira dzina lanu, ndipo dzinalo likalembedwa ku Southern African Fraud Prevention Service, mabanki ena akhoza kukukanani.

Ena adzati: wolembayu akulankhula ngati munthu wokhala ndi zikalata zonse, ife banki imatibweza pakhomo. Dandaulo limeneli ndi lomveka, ndipo mlandu wake uli pa mabanki ndi boma. Lamulo la FICA la 2001 limalamula banki kudziwa bwino kasitomala wake, koma nthawi zambiri chimene mlendo amakumana nacho ndi kukanidwa, kapena kutsekeredwa akaunti chilolezo chake chikatha, ngakhale pamene kuchedwa kuli ku Home Affairs. Dziko limene limadya tomato wothyoledwa ndi manja athu ndi kutisiyira ana ake kuti tilere silingatiuze kuti tizisamala makhadi kwinaku likutimana khomo lopezera khadi m'dzina lathu. Pa ichi tiyenera kufuula limodzi, m'mabungwe a antchito ndi kwa maloya omenyera ufulu monga a Lawyers for Human Rights ku Pretoria.

Koma kulakwa kwa banki sikusandutsa fisi kukhala mbusa. Makampani ena otumiza ndalama, monga Mukuru, amapereka khadi lolandirira malipiro kwa munthu wokhala ndi pasipoti. Kumene zimenezi sizitheka, kulandira ndalama pamanja pamodzi ndi pepala lamalipiro n'kwabwino kuposa kulandirira m'dzina la wina. Ndipo kusowa chilolezo sikuchotsa ufulu wanu pamalipiro: mu 2008 Khothi la Zantchito lidagamula kuti mlendo wopanda chilolezo chogwirira ntchito ndi wantchitobe pamalamulo, choncho khomo la CCMA ndi lotsekuka kwa iye.

Khadi likakhala m'manja mwanu, lisungeni motere. PIN musailembe pakhadi kapena papepala la m'chikwama, ndipo isakhale chaka chimene mudabadwa. Pa ATM phimbani ndi dzanja polemba nambala. Wina akakusokonezani, thetsani zonse, tengani khadi, n'kuyang'anitsitsa ngati lilidi lanu, pakuti akuba amasinthanitsa makhadi m'kuphethira kwa diso. Makina akameza khadi, litsekeni muli pomwepo poimba nambala ya banki imene mudasunga kale m'foni, osati imene munthu wa pamzere akukupatsani. Woimba foni n'kunena kuti ndi wa kubanki, napempha PIN kapena nambala ya OTP imene yangofika kumene, ndi wakuba, dulani foni. SIM yanu ikhale yolembetsedwa m'dzina lanu motsatira RICA, chifukwa ya pamsewu yolembedwa m'dzina la wina ikatayika n'kovuta kuibwezeretsa, pomwe mauthenga a kubanki amadzera mmenemo. Netiweki ikazima mwadzidzidzi popanda chifukwa, dziwitsani banki tsiku lomwelo.

Ngati mwaberedwa kale, manyazi asakutsekeni pakamwa. Tsekani khadi, kadandauleni kubanki ndipo mutenge nambala ya dandaulo lanu, kenaka katseguleni mlandu kupolisi. Banki ikakana kukuthandizani, pali National Financial Ombud, imene idayamba ntchito mu Marichi 2024 ndipo imamva madandaulo kwaulere. Ngati khadi lili kwa wakatapila kapena kwa kapitawo, simuyenera kumugwadira kuti alibweze: mwini akaunti ndinu, pitani ndi chiphaso chanu mukalitseketse n'kutenga latsopano. Pa za ngongoleyo, pitani ndi mboni kapena wa bungwe la antchito, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Tidawoloka Mwanza, Nyamapanda ndi Beitbridge kudzafuna ndalama za feteleza, za fizi ndi za malata. Pasapezeke wina woima pakati pa ndalama zimenezo ndi ana athu chifukwa choti tidamupatsa tokha manambala anayi.