Ku Chiradzulu Malipiro Akadali Nkhani ya Wokuyankhulira

Mphunzitsi wa ku Namadzi sakambirana yekha za malipiro ake ndi boma. Amamuyankhulira ndi a Teachers Union of Malawi, ndipo mwezi ndi mwezi amadulidwa kangachepe ka umembala. Ena amang'ung'udza akaona pa peyisilipi, koma kandalamako kali ndi ntchito.

Mwachitsanzo, mu February 2013 ogwira ntchito m'boma ananyanyala ntchito pafupifupi milungu iwiri, mpaka boma la Joyce Banda linakweza malipiro a olandira zochepa ndi 61 peresenti. Kuminda ya tiyi ku Thyolo ndi Mulanje, bungwe la ogwira ntchito m'minda la PAWU linasainirana mgwirizano woyamba wa malipiro ndi eni minda mu 2016.

Boma nalo linachenjera: lamulo la 2021 limalola bwana kudula malipiro sitalaka ikapitirira masiku atatu pachaka.

Chodandaulitsa n'chakuti mabungwewa sanafike kumene anthu ambiri a ku Chiradzulu amapezera chakudya. Mlonda wolawirira mbandakucha kupita ku Limbe, mayi wa ganyu wopalira chimanga, mtsikana wogwira ntchito zapakhomo: nthawi zambiri malipiro awo amatchula ndi bwana yekha. M'boma limene John Chilembwe anakanira thangata mu 1915, a MCTU, bungwe lalikulu la mabungwe a ogwira ntchito, ayambire kwa amenewa.